Musanamate selotepi: kupima pepala lakale ndi kuwala

Kuno ku Mangochi mapepala akale alipo ambiri, kungoti sakhala poonekera. Ali m'masutikesi a malata pansi pa bedi, m'makabati a matchalitchi a ku Malindi ndi kwa Mponda, m'mizikiti ya ku Namwera ndi ku Makanjira, ndi m'nyumba za mafumu. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati, makalata a malo, mabuku a Chiarabu amene mashehe anasiya, mapasi a agogo amene anakagwira ntchito ku Joni. Ena ali ndi chidindo cha Fort Johnston, dzina limene atsamunda anapatsa boma lino atalikhazikitsa mu 1891.

Munthu akatsegula sutikesi n'kupeza pepala lafiira, m'mbali layamba kunyenyeka, amangoganiza ziwiri: selotepi, kapena kukalimatitsa pulasitiki. Ine ndinachita zomwezo ndi kalata imene agogo anga aamuna analemba ali ku migodi ya ku Johannesburg. Ndinakaimatitsa pa shopu ina, n'kubwerako mtima uli m'malo kuti ndaipulumutsa. Lero pepalalo ladera mkati momwemo, mizere ina ya inki yaboola, ndipo palibe njira yolitulutsira osasupula zilembo. Nthenda yake inali mu inki ndi m'pepala lenilenilo. Ndikanayamba ndalipima, ndikanaiona.

Kupimako n'kwa kuwala. Akatswiri amati spectroscopy: kuunika chinthu ndi kuwala kodziwika mtundu wake, n'kuona kumene chabweza ndi kumene chameza. Maso athu amaona mitundu ya utawaleza yokha, kuyambira pa 400 mpaka 700 nanomita (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). Kunsi kwa 400 kuli UV, kumtunda kwa 700 kuli infrared, mitundu iwiri ya kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kumeneko pepala limaulula zambiri zimene masana limabisa. Makina akuluakulu ali ku labotale, koma theka la ntchito mungalichite pa tebulo panu osadula kachidutswa n'kamodzi komwe.

Zofunika kukhala nazo

- Tochi yaing'ono ya LED yowala moyera.
- Tochi ya UV ya 365 nanomita. Zambiri zimene amagulitsa zoonera ndalama zabodza ndi za 395. Zimathira kuwala kwa pepo kochuluka, n'kuphimba zimene mukufuna kuona. Werengani nambala pa paketi musanalipire.
- Magalasi otchinga UV.
- Foni yokhala ndi kamera imene imalola kuika nokha kuwala ndi mtundu, pa malo olembedwa Pro kapena Manual.
- Katoni yoboola pamwamba yoikapo foni kuti isamagwedezeke.
- Tailosi imodzi yoyera, yosang'aluka, ndi rula.
- Galasi lokulitsa zinthu.
- Kope ndi pensulo. Bolopeni ikhale kutali.
- Burashi yofewa ndi masiki.
- Kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi, ka batire.
- Chikatoni choyera chophwatalala chonyamulirapo pepala.
- Ngati mungabwereke, kamera ya CCTV yoona usiku.

Gawo 1: Konzani malo

Ntchitoyi ndi ya usiku, chifukwa mukufuna mdima umene mukuulamulira nokha. Tsekani mawindo, zimitsani fani. Kamphepo ka mwera kamodzi kakhoza kuulutsa pepala lothetheka n'kuligawa pawiri, ndipo kufupi ndi nyanja kuno nyale imaitana tizilombo tambirimbiri. Pukutani tebulo liume. Sambani m'manja, pukutani bwino, musadzole mafuta. Magolovesi a nsalu asiyeni: amapha zala, ndipo munthu amang'amba ngodya osamva.

Chenjezo: pepala lopindidwa limene likukana kutambasuka musalikakamize. Lipimeni momwe lililimo.

Gawo 2: Lembani musanaunike

Pepala lililonse lipatseni nambala m'kope mwanu, osati pa pepalapo. Lembani kukula kwake, chaka ngati chalembedwa, kumene limasungidwa, ndi zonse zomamatira: mapini, masitepulo, labala, selotepi. Lembaninso kutentha ndi chinyezi cha usiku umenewo.

Kenako nunkhizani chapatali. Fungo lotsekemera la buku lakale, kapena lowawasa ngati viniga, ndi mpweya wotuluka pamene pepala likuwonongeka. Likanunkha ngati chimanga chochita chuku, valani masiki, lipatuleni kwa anzake, ndipo musalinunkhizenso.

Gawo 3: Tochi cham'mbali, tochi kumbuyo

Zimitsani magetsi. Gonekani tochi yoyera pa tebulo kuti kuwala kuyende chokwawa pamwamba pa pepala. Makwinya, ming'alu ndi tinjira timene njenjete zadya pamwamba zimaoneka ngati mizere m'munda dzuwa likamalowa. Yang'anitsitsani pa zilembo zonenepa, pamene cholembera chinathira inki yambiri. Mng'alu wotsata chilembo ndi chizindikiro choipa, tibwererako.

Pepala lolimba mungalinyamule ndi manja awiri wina akuunika kumbuyo, patali ngati dzanja limodzi. Mudzaona pamene lapyapyala, timabowo ta tizilombo, ndi chizindikiro cha fakitale chobisika m'pepalamo, nthawi zina ndi chaka chimene linapangidwa. Jambulani. Pepala lothetheka lisanyamulidwe. Gawo ili mulidumphe.

Gawo 4: Yezani chikasu ndi foni

Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa amadalira maso. Maso amazolowera. Pepala limene mumaliona chaka ndi chaka simungadziwe kuti ladera liti.

Pepala limaoneka lachikasu chifukwa layamba kumeza kuwala kwa buluu. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800, mapepala ambiri anasiya kupangidwa ndi nsanza za thonje n'kuyamba kupangidwa ndi mitengo. Mtengo uli ndi lignin, imene imafiira ikakumana ndi mpweya ndi dzuwa. Pofuna kuti inki isamafalikire, mafakitale ankathiranso alamu ndi utomoni, ndipo alamuyo amasiya asidi m'pepala. Asidi, chinyezi ndi kutentha zikakumana, zimadula cellulose, ulusi umene umagwira pepala, mpaka pepala limathyoka ngati tsamba louma la fodya. Mapepala ambiri a nthawi ya atsamunda ndi ya Kamuzu ndi a mtundu umenewu. Ndiye ganizani za Okutobala wa ku Mangochi, kunja kutapitirira madigiri 35, sutikesi ili pansi pa denga la malata, kenako mvula ya Januwale n'kubweretsa chinyezi. Akatswiri osunga mabuku amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 5 okha, liwiro la kuwonongeka kwa pepala la asidi limatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Chitani motere. Ikani pepala pa chikatoni, tailosi ndi rula pambali pake. Vindikirani ndi katoni ija, foni pa bowo, tochi yoyera ikuunika kuchokera pa bowo lina cham'mbali. Zimitsani fulashi. Pa Pro, khomani white balance (mtundu) ndi kuwala pa nambala imodzi, muzilembe m'kope. Jambulani. Tsegulani chithunzicho mu pulogalamu iliyonse yowerenga mitundu, imene imapereka manambala atatu, R, G ndi B, kuyambira 0 mpaka 255. Yofunika ndi B, ya buluu. Werengani B pa tailosi, pakati pa pepala popanda inki, ndi m'mphepete. Gawani B ya pepala ndi B ya tailosi. Mwachitsanzo, pepala likapereka 170 tailosi 240, mwapeza 0.71. Nambala ikamatsika, pepala likudera.

Nambala imeneyi payokha sinena zambiri. Mphamvu yake ili poyerekeza. M'mphepete mukatsika kwambiri kuposa pakati, mdani akuchokera kunja: dzuwa, utsi wa kukhitchini, fumbi. Pepala lonse likadera mofanana, asidi ali mkati. Mukaona chithunzithunzi cha bulauni chofanana ndi kapepala kena, ndiye kuti kachidutswa ka nyuzipepala kapena envulopu imene inagonapo ndi imene yalipatsira.

Machenjezo awiri. B ya tailosi ikafika 255, chithunzi chawala mopitirira, chepetsani kuwala mujambulenso. Ndipo musaike pepala latsopano la fotokope m'malo mwa tailosi. Lili ndi mankhwala oyeretsa amene amawonjezera buluu, ndipo nalonso limasintha ndi zaka. Tailosi sisintha.

Gawo 5: Tochi ya UV

Valani magalasi, ana atuluke m'chipinda. Mdima ukhale wa ndiwe yani, ndipo dikirani mphindi ziwiri maso azolowere. Unikani patali ngati masentimita 30, kwa masekondi ochepa, jambulani, zimitsani. UV yomweyo imawononga pepala, choncho zoganiza ndi zokambirana muchitire pa chithunzi, tochi itazima.

Pepala likawala buluu wowala kwambiri, ngati malaya oyera a sukulu, lili ndi mankhwala oyeretsa amene mafakitale anayamba kuthira m'zaka za m'ma 1950. Izi n'zothandiza pa nkhani za malo: kalata yonena kuti inalembedwa mu 1930 koma yonse ikuwala chonchi ndi yofunika kuifunsa bwino. Koma musathamangire kwa amfumu kukanena kuti ndi yabodza. Ikhoza kukhala yokopera imene inalembedwanso pambuyo pake mokhulupirika. Komanso sopo wa ufa ali ndi mankhwala omwewo, moti pepala lokulungidwa m'chitenje chochapidwa, likanyowa, limatha kutengera. Kusiyana kwake n'kwakuti kotengerako kumakhala kwa mawangamawanga, pomwe kwa fakitale kumakhala pepala lonse.

Pepala la mitengo lokhala ndi lignin yambiri limaoneka lakuda, lozimirira. La nsanza limawala pang'ono, modekha.

Timadontho tofiira tonga dzimbiri, timene akatswiri amati foxing, timayamba kuwala pa UV tisanaoneke ndi maso. Mukaona timadontho towala pamene masana palibe kanthu, chinyezi chayamba kale ntchito, ndipo malo osungira ndi ofunika kusintha sabata yomweyo. Mzere wowala wokhotakhota ndi pamene madzi analekezera nthawi ina. Guluu ndi zomata za selotepi yakale zimawalanso, ngakhale selotepiyo inagwa kalekale, ndipo mudzaona kuti zinalowa m'pepala kupitirira pamene inamatidwa.

Pomaliza yang'anani m'mbali mwa zilembo, ndi kuseri kwa pepala; zofunika kuona kumeneko zili mu gawo 6.

Gawo 6: Dziwani inki

Inki yakale imene imavuta kwambiri ndi ya iron gall, yopangidwa ndi mchere wa chitsulo ndi madzi owawa a zotupa za mtengo wa oak. Amishoni ndi akalaliki a boma ankaigwiritsa ntchito kwambiri m'makaundula. Polemba imakhala yakuda, ikakalamba imasanduka ya bulauni. Ili ndi asidi ndi chitsulo, ndipo ziwirizi zimadya pepala pansi pa chilembo.

Matendawa amayenda motsatana. Poyamba, pa UV pokha, chilembo chimazunguliridwa ndi kamkombero kowala mobiriwira kapena mwachikasu. Kenako kamkomberoko kamasanduka ka bulauni kooneka ndi maso, ndipo zilembo zimatulukira kuseri. Pamapeto pamabwera mng'alu uja, zilembo n'kuyamba kugwa, kusiya mabowo ooneka ngati chilembocho. Kuwapeza matendawa akadali pa kamkombero kowala ndi mwayi, chifukwa pepala likadali ndi mphamvu.

Kamera ya CCTV ija imathandiza apa. Mumdima imaunika ndi infrared, kawirikawiri ya 850 nanomita. Lozetsani pa pepala muone pa sikirini. Inki ya mwaye, inki ya makina osindikizira ndi pensulo zimakhalabe zakuda bii. Ya iron gall imatuwa. Inki zambiri za utoto, monga za bolopeni ndi zidindo za pepo, zimazimiririka. Ndi mmenenso mungaonere mawu owonjezeredwa ndi cholembera china, kapena kuwerenga za pensulo zobisika pansi pa chidindo.

Chenjezo lalikulu pa zonse: inki ya iron gall ndi madzi sizionana. Chinyezi chimasuntha chitsulo kuchoka pa chilembo n'kuchimwaza pepala lonse. Musapukute ndi kansalu konyowa, musamate ndi phala la ufa, musafukize nthunzi kuti liwongoke.

Gawo 7: Asidi, koma osati pa chikalata

Pali cholembera choyezera asidi, cha mankhwala a chlorophenol red: pa pepala la asidi mzere wake umakhala wachikasu, pa pepala labwino umasanduka wa pepo. Mzerewo sufufutika. Ntchito yake ndi yoyeza mafoda, maenvulopu ndi mapepala amene mukufuna kusungiramo. Pa chikalata chenicheni, yezani pokhapokha pali kachidutswa kopanda zilembo kamene kanagwa kokha. Kupinda ngodya kuti muone ngati ithyoke, kusiyeni; ikathyoka mwadziwa, koma ngodyayo yapita.

Gawo 8: Gawani milu itatu

Mulu woyamba: olimba, opanda mkombero pa inki, opanda chuku. Chotsani mapini ndi labala mosamala, sesani fumbi ndi burashi kuchokera pakati kupita kunja, ikani m'mafoda opanda asidi. Pogula pepala losungira, funsani lolembedwa ISO 9706, muyezo wa mu 1994 wa pepala lokhalitsa.

Wachiwiri: odera, othetheka, kapena a mkombero wowala. Ajambuleni bwino tsamba lililonse, anthu aziwerenga zithunzizo, enieniwo agone mophwatalala, osapindidwa, lililonse m'foda yake.

Wachitatu: a chuku chamoyo, a inki yoboola, omatana. Awa si a manja anu. Apatuleni, asungeni pouma, mufunse ku National Archives ku Zomba, amene akhala akusunga zolemba za dziko lino kuyambira 1947. Ogwira ntchito ku Lake Malawi Museum pa boma pompano mungayambenso kucheza nawo.

Milu yonse ikhale pamwamba, kutali ndi pansi ndi khoma lakunja chifukwa cha chiswe ndi chinyontho, komanso kutali ndi malata. Chinyezi chikamakhalitsa pamwamba pa 65 peresenti, chuku chimamera. Chipinda chapakati pa nyumba, chodutsa mpweya, chimaposa kabati ya galasi ya pabalaza yowombedwa ndi dzuwa.

Gawo 9: Mukafika ku labotale

Chikalata chikakhala cha mtengo wapatali, monga kaundula woyamba wa mpingo kapena kalata imene mlandu wa malo watsamirapo, funsani ku dipatimenti ya chemistry ya yunivesite ngati ali ndi makina opimira ndi kuwala otchedwa FTIR kapena XRF. Pitani ndi kope lanu ndi funso limodzi lomveka. Mukangoti “tiyezereni”, mudzalandira mizere yokwera ndi kutsika yopanda tanthauzo kwa inu.

FTIR imaunika ndi infrared n'kujambula mzere wa nsonga, ndipo nsonga iliyonse ili ndi nambala yake pa mzerewo (si ya nanomita) ndi mwini wake. Ya pa 1510 ndi lignin, kutanthauza pepala la mitengo. Yotukuka chapa 1730 imasonyeza cellulose yodyedwa ndi mpweya. Za pa 1420 ndi 875 ndi calcium carbonate, choko chimene chimateteza pepala ku asidi, zikapezeka, kondwani. Pemphani ayeze malo atatu: pakati, m'mphepete, ndi pafupi ndi inki. Auzeninso kuti pepala lachokera kudera la chinyezi la kunyanja, chifukwa madzi a m'pepala ali ndi nsonga yawo pa 1640 imene imasokoneza kuwerenga kwa yoyandikana nayo.

Funsani musanapereke: kodi makinawo apanikiza pepala? Ambiri a FTIR amalitsindikiza pa kamwala kakang'ono, ndipo pa pepala lothetheka pamatsala chipsera. Apatseni tizidutswa takugwa kale, kapena asankhe m'mphepete mopanda zilembo. XRF, imene imaunika ndi X-ray, siboola, imaonetsa chitsulo, mkuwa ndi zinc za mu inki, moti imathandiza kudziwa ngati ndi iron gall, komanso ngati masamba awiri analembedwa ndi inki yosiyana. Pepala musalisiye kumeneko popanda kulemberana.

Gawo 10: Bwerezani chaka chamawa

Mvula ikatha, mu Meyi, bwerezani gawo 4 ndi 5 ndi foni, tochi, katoni ndi tailosi zomwe zija. Mukasintha foni, jambulani ndi zonse ziwiri usiku umodzi kuti manambala alumikizane.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Choyamba ndi changa chija, kumatitsa pulasitiki. Makinawo amatentha pepala, zomata zimalowa mu ulusi, asidi amatsekeredwa mkati, ndipo pambuyo pake ngakhale FTIR imangowerenga pulasitikiyo. Ngati mukufuna chogwira m'manja pa msonkhano wa banja kapena pa bwalo, matitsani fotokope. Selotepi ndi mng'ono wake: imagwa patapita zaka, n'kusiya banga la bulauni losachoka.

China ndi kuyanika pa dzuwa. Madzi akalowa m'nyumba, monga zinachitikira ambiri nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi pamene nyanja inakwera mu 2024, anthu amayala mapepala pa mchenga ngati usipa. Dzuwa limafiiritsa pepala la lignin m'masiku ochepa, limafufutitsa inki za utoto, ndipo masamba amapiringizika. Yalani pa mthunzi podutsa mphepo, pa nsalu youma, muzisintha mapepala oyamwa madzi pakati pa masamba. Fulumirani, chifukwa chuku chimayamba m'masiku awiri kapena atatu. Masamba omatana musawakanganule.

Ena amatsekera mapepala m'jumbo kuopa chiswe, osadziwa kuti atsekeramo chinyezi cha tsiku limenelo. Ena amapopera mankhwala a udzudzu pa mabuku penipeni; mafuta ake amasiya mabanga amene mudzawaona pa UV. Poperani chipinda mabuku mutatulutsa.

Pa kuyeza penipeni, cholakwika chofala ndi kusiya foni pa Auto. Foni imakonza yokha chikasu kuti chithunzi chikongole, n'kufufuta chimene mumafuna kuyeza. Chinanso ndi kuunika UV kwa nthawi yaitali poonetsa abale mmene pepala likuwalira, ndi kugamula zaka za pepala ndi chizindikiro chimodzi chokha.

Ndipo zithunzi zisathere m'foni imodzi. Tumizani kwa anthu awiri a m'banja kapena a komiti monga fayilo, pa malo a Document mu WhatsApp, chifukwa zotumizidwa ngati chithunzi wamba zimafinyidwa ndipo tizilembo tating'ono timasowa. Dzina la fayilo likhale nambala ija ya m'kope, ndi tsiku limene munajambula.